Mwana Wanga Ankawerenga Atatsinzina

Kalata yachitatu yochokera kusukulu ndinaipeza Lachiwiri m'chikwama cha Natalie, itapindika pakati pa buku ndi khoko la nthochi. Sindinaitsegule. Ndinaiponya pamwamba pa firiji pomwe panali kale makalata ena awiri.

Yoyamba yokha ndiyo ndinaiwerenga. Inali yaifupi. Inati aphunzitsi a Natalie, a Bennet, akufuna kuonana nane pa za kawerengedwe ka mwana ndiponso za mmene timachitira kunyumba. Mawu omalizawo ndi amene anandilowa m'mafupa. Kunyumba. Zakunyumba kwanga ankazifuna zachiyani?

Dzina langa ndine Tionenji. Ndimakhala ku Highfields, mu Leicester, kuno kudziko la azungu, m'nyumba zogundizana zija zoti woyandikana naye akatsokomola umamva. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza anthu pabedi, msana uli gwa. Amuna anga a Cephas amayendetsa lole, amabwera Lamlungu n'kuchoka Lachiwiri kusanache. Natalie ndi mwana wathu yekhayo. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Kwathu ku Mchinji kholo siliitanidwa kusukulu pachabe. Ukaitanidwa ndiye kuti mwana waba kapena waswa mnzake mutu. Kuno kulinso china. Pagulu la amayi akutchalitchi kwathu la pafoni pankayenda nkhani ya mayi wina wa ku Nottingham amene asosho anamulanda ana awiri. Asosho ndi anthu aboma oona za chisamaliro cha ana. Palibe ankadziwa dzina la mayiyo, koma aliyense ankaidziwa nkhani yake, ndipo nthawi zonse inkayamba mofanana: kunabwera kalata yochokera kusukulu.

Ndipotu ine ndinali ndi mlandu wanga mumtima.

Tsiku lililonse Natalie ankabwera ndi kabuku kowerenga, komanso kabuku kena kachikasu koti kholo lilembemo mmene mwana wawerengera n'kusayina. Ine ndinkamuphunzitsa mmene ndinaphunzirira ineyo mu Sitandade Wani: aphunzitsi kutsogolo ndi buku limodzi, ife ana zana pansi tikuyankha ngati kwaya. Ndinkawerenga mzere, Natalie n'kubwereza. Kachiwiri. Kachitatu. Akalakwitsa ndinkakweza mawu, chifukwa munthu amene waimirira tsiku lonse alibe mtima wa mngelo. Pofika Lachinayi mwana ankalinena buku lonse kuchokera pachikuto mpaka kumapeto atatsinzina. Ndinamujambula pafoni n'kutumiza kwa agogo ake. Kumudzi kunali nthungululu.

M'kabuku kachikasu ndinkalemba kuti wawerenga bwino kwambiri. Ndinkalemba choncho tsiku lililonse, ngakhale masiku amene ndinafika wotopa ndipo buku silinatuluke n'komwe m'chikwama. Ndiye kalata itabwera ndinadziwa kuti andigwira bodza.

Ndinayamba kuwathawa a Bennet. Pokatenga mwana masana ndinkafika foni ili kukhutu ngati ndikulankhula ndi abwana akuntchito, chonsecho foniyo moto unatha kalekale. Ndinkamugwira Natalie dzanja n'kutembenuka. Aphunzitsiwo akati, “Mayi, kamphindi chabe,” ine ndinkaloza foni n'kukoka mwana mpaka kukakhota pakona.

Lachitatu tikubwerera kunyumba Natalie anandiuza m'Chingerezi chake chija, pakuti Chichewa amamva koma sayankha, kuti a Bennet anamufunsa amene amawerenga naye kunyumba.

Ndinaima pakati pa msewu. “Ndiye unati chiyani?”

“Ndinati Mami.”

“Basi?”

“Anafunsa kuti timawerenga bwanji. Ndinati inu mumanena, ine ndimabwereza. Ndikalakwitsa mumakalipa.”

Ndinagwada pomwepo, pafupi ndi bini, n'kumugwira mapewa. “Tamvera iwe. Zakunyumba sitinena kusukulu. Wamva? Ukufuna akutenge anthu osawadziwa?”

Mwana anandiyang'ana, maso ali tuzu. Sanalire. Kulira kukanakhala bwino.

Kuyambira pamenepo galimoto iliyonse yoima pakhomo inali ya asosho. Wobweretsa katundu wa anzathu oyandikana nawo atagogoda molakwitsa, ndinabisala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini nditatseka mwana pakamwa. Kuntchito ndinapatsa agogo ena tiyi wothira shuga, pomwe ali ndi matenda a shuga. Mwamwayi mnzanga anaona asanamwe.

Lachinayi pa nthawi yopuma ndinaimbira a Cephas. Ndinawauza kuti ndaganiza zotumiza Natalie ku Lilongwe kwa mkulu wanga, asosho asanabwere kudzamutenga.

“Amake Natalie, osathamanga,” anatero m'Chinyanja chawo cha ku Chipata. “Nizabwela pa Sondo, tizakamba. Makalata yamene ayo mwayabelenga?”

“Ndiwerenge chiyani? Inu muli ku Scotland ndi lole yanu. Akagogoda pakhomo adzapeza ine.”

Ndinadula foni. Madzulo ake ndinaimbira mkulu wanga, osalabada kuti makoma athu ndi opyapyala ndiponso kuti mwana amamva Chichewa. Lachisanu m'mawa Natalie anati m'mimba mukupweteka. Nsapato zake ndinazipeza atazibisa mu uvuni.

Loweruka ndinatenga makalata onse atatu n'kuwaika m'chikwama changa kuti a Cephas asadzawaone, ndipo tinayenda mpaka ku Spinney Hill kushopu ya Anti Zaibunisa. Anti ndi mayi wachimwenye wobadwira ku Limbe, wazaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Anabwera kuno ali mtsikana, koma Chichewa chawo n'chakuthwa kuposa changa. Amagulitsa ufa, nyemba, usipa wouma, ndipo kumbuyo kwa shopu amaunjika masutikesi.

“Mayi a Natalie, mwawonda ngati ndodo ya tsache,” anatero ndisanapereke ndi moni womwe. “A Cephas akukumanani chakudya?”

“Ndikufuna sutikesi, Anti. Yaing'ono.”

“Ulendo wa ndani pakati pa temu?”

Natalie ndiye anayankha, m'Chingerezi, maso ali pansi. “Mami akunditumiza ku Malawi chifukwa ndinanena zakunyumba.”

Anti anavula magalasi. Anatembenuza chikwangwani cha pachitseko kuti shopu yatsekedwa, anapatsa Natalie bisiketi, n'kundilozera thumba la mpunga. “Khala apo, mwana wanga. Yamba pachiyambi.”

Ndinafotokoza zonse, ndi za mayi wa ku Nottingham yemwe. Nditamaliza anatambasula dzanja. “Makalatawo.”

“Awiriwo sindinawatsegule.”

“Ndiye ukuthawa mkango umene sunauone ngakhale mchira?”

Anang'amba maenvulopu ndi kiyi wa shopu. Anawerenga mwakachetechete, milomo ikuyenda, kenako anausa moyo.

“Iyi yachiwiri analembera makolo onse a kalasi yake. Ankakuitanani kuti akakusonyezeni mmene mungathandizire ana kuwerenga. Analonjezanso tiyi. Tiyi wako anamwa anzako. Iyi yachitatu akuti ayamba kumupatsa Natalie mphindi khumi zapadera tsiku lililonse, ndipo akukupemphanso kuti mukaonane Lolemba. Asosho ako ali pamzere uti? Ndisonyeze.”

“Salemba poyera, Anti. Amayamba choncho.”

“Tamvera. Ine Lachinayi lililonse ndimapita kusukulu ya zidzukulu zanga kukamvetsera ana akuwerenga, ndipo chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi. Asosho alipo, sindikunamiza. Amabwera mwana akamamenyedwa, akamagona ndi njala, akamasiyidwa yekha. Sabwerera kabuku kowerenga. Koma ndikuuze chimene chingawadzidzimutse aphunzitsi: kholo losayankha makalata, ndi mwana wosowa mwadzidzidzi pakati pa temu. Dzenje limene ukuliopalo ukulikumba wekha.”

Kenako ndinati, “Komatu mwana amawerenga. Ndili ndi kanema.”

“Buku ali nalo?”

Linali m'chikwama changa. Linali la galu amene anagwera m'matope. Anti anamukweza Natalie pampando, ndipo mwana analinena lonse, mosadodoma, ngati wailesi. Ndinawayang'ana Anti monyadira.

Anti anatsegula tsamba lapakati, anaphimba chithunzi ndi chikhatho, n'kuika chala pansi pa liwu limodzi la malembo atatu. “Ili likuti chiyani, chidole changa?”

Natalie analiyang'ana liwulo. Anandiyang'ana ine. Kenako anatsinzina n'kuyambanso buku lonse kuchokera pachikuto.

“Ayi, ili lokha.”

Ananong'ona kuti, “Sindikudziwa. Musawauze Mami.”

Ndinali nditakhala pomwepo, pathumba la mpunga, ndipo mwana wanga ankapempha munthu wina kuti amubise kwa ine. Mantha a asosho anachepa pamenepo. Anabwera ena aakulu kuposa oyamba aja: miyezi isanu ndikudzitama, mwana sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi, ndipo munthu amene ankamuopa kwambiri ndinali ine.

“Usadzidye,” anatero Anti. “Nanenso ndinaphunzira choncho ku Limbe, kuyimba kumbuyo kwa aphunzitsi. Mwana wako mutu ali nawo, waona mmene amalowezera. Koma kuloweza si kuwerenga. Lolemba tipitira limodzi. Sutikesi sindikugulitsa.”

A Cephas atafika Lamlungu ndinawapatsa makalata otsegulawo. Anawerenga, n'kundiyang'ana, ndipo anachita nzeru osanena kuti ndinakuuzani.

Lolemba masana ndinavala diresi la kutchalitchi. Pakhomo la kalasi ndinaima, mpaka Anti anachita kundikankha pamsana. Mkati munali a Bennet, mnyamata wamtali wa magalasi, ndipo pambali pawo panakhala mayi wina atanyamula fayilo. Maso anga anakakamira pa fayiloyo. Ndinawatsina Anti pamkono.

“Ndi ameneyo,” ndinanong'ona. “Wasosho wabwera.”

Anti anafunsa m'Chingerezi kuti mayiyo ndi ndani. Anali wothandizira aphunzitsi, amene amakhala ndi Natalie pa mphindi khumi zija. M'fayilomo munali makhadi a malembo.

Tinakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'chibwano. A Bennet asanayambe, ine ndinatulutsa zonse kamodzi. Ndinati ndinkanama m'kabuku kachikasu. Ndinati masiku ena sitinkawerenga. Ndinati ndimakalipa, koma mwana wanga sindimumenya, amadya, amasamba, chonde musamutenge.

A Bennet anafiira mpaka m'makutu. Anati palibe amene akufuna kutenga Natalie. Anati pepani kuti kalata yawo inandiopsa, akanailemba mwina. Anati anaona kuti Natalie buku lakale amalidziwa lonse koma latsopano limamukanika, ndiye anafuna kudziwa mmene timawerengera kuti tizikoka mbali imodzi. Ananenanso kuti m'kalasi mwawo si ine ndekha kholo losayina buku lisanatsegulidwe.

Anti anandimasulira mwa njira yawo: “Akuti bodza lako ndi lotchipa, aliona kambirimbiri.”

Kenako a Bennet anafotokoza, ndipo apa ndinatchera khutu. Boma la kuno linakhazikitsa kuti ana aziyamba kuwerenga pophunzira maliwu a malembo ndi kuwaphatikiza, kuti mwana athe kuwerenga yekha liwu limene sanalionepo. Mu Juni, kumapeto kwa kalasi ya Natalie ija, mwana aliyense amakhala pansi ndi mphunzitsi wake n'kuwerenga mawu makumi anayi. Theka la mawuwo ndi ongopeka, opanda tanthauzo, ndipo pambali pake amajambulapo tizilombo toseketsa. Amachita dala, kuti aone mwana amene akuwerengadi ndi amene wangoloweza.

“Nanga akalephera?” ndinafunsa. “Amamuchotsa sukulu? Amabwereza kalasi?”

Ayi ndithu. Amapita kalasi yotsatira ndi anzake, sukulu imapitiriza kumuthandiza mwapadera, ndipo amayesanso chaka chamawa. Cholinga si kugwira mwana kapena kholo. N'chofuna kupeza msanga amene akutsalira, asanafike zaka khumi akubisa kuti sawerenga.

Mayi wa fayilo uja anaitana Natalie, n'kundisonyeza. Anaika chala cha mwana pansi pa liwu lomwe lija la m'shopu. Sanamuuze yankho. Anangoti atchule liwu la lembo loyamba, lachiwiri, lachitatu, kenako awaphatikize. Natalie anatchula limodzilimodzi, n'kuima. Ine lilime linkayabwa. Ndinatsegula pakamwa, Anti n'kundiponda phazi. Tinadikira. Ndinkamva wotchi ya pakhoma.

“Mud,” anatero Natalie. Ndiye kuti matope. Anadzidzimuka yekha, n'kuyang'ananso papepala ngati liwulo lamuluma.

Anandipatsa malangizo ochepa. Mphindi khumi patsiku zakwana. Buku lochokera kusukulu awerenge mwana, ine ntchito yanga ndi kudikira. Akakakamira, ndimuthandize kutchula maliwu, osati kumuuza liwu lonse. M'kabuku kachikasu ndilembe zoona, chifukwa ndi mmene iwo amadziwira pomwe mwana akuvutika. Mabuku ena oti ine ndizimuwerengera pongosangalala ndikabwereke kulaibulale, khadi lake ndi laulere.

Ndinafunsanso chimene chinkandivuta kuyambira kale, ngati Chichewa cha kunyumba ndicho chikumusokoneza mwana. A Bennet anapukusa mutu. Anati ndizilankhula naye, ndizimufotokozera nkhani ndi kumuyimbira m'chinenero chimene ndimachidziwa bwino, chifukwa mwana wodziwa mawu ambiri ndi nkhani zambiri amamvetsa msanga zimene akuwerenga.

Sindinganame kuti zinayenda ngati madzi. Kudikira mwana akulimbana ndi malembo atatu, iwe yankho ukulidziwa, mapazi akupweteka, mpunga ukupserera, ndi chilango. Ndinkakhalira manja. Ndinkaluma lilime. Kawiri konse ndinakalipa, ndipo kawiri konse ndinapepesa, chinthu chimene mayi anga sanachitepo kwa ine. Ndinamuuzanso Natalie kuti ndinalakwa pomuletsa kulankhula ndi aphunzitsi ake, ndi kuti ku Lilongwe tidzapita tonse patchuthi n'kubwerera tonse. Nsapato zinasiya kulowa mu uvuni.

Tsiku lina ndinafika nditatheratu. Ndinatenga kabuku kachikasu n'kulemba kuti: Lero sitinawerenge, ndatopa. Mawa lake lonse kuntchito ndinkayang'ana foni. Masana nditatsegula kabukuko ndinapeza a Bennet ayankha pansi pake: Zikomo potiuza, tawerenga naye kuno. Palibe anagogoda pakhomo.

A Cephas nawo anapatsidwa gawo lawo. Lamlungu lililonse amakhala ndi mwana ndi buku, ndipo ndikuvomereza kuti kudikira amandiposa. Munthu wozolowera mizere ya magalimoto pa msewu waukulu sathamanga.

Pofika Meyi Natalie ankandichedwetsa panjira. Ankaima pa chikwangwani chilichonse, pa basi, pa bini, pa zenera la butchala, chala chili m'mwamba, milomo ikuyenda. Tinkafika mochedwa kulikonse. Sindinadandaule, kupatula kamodzi kunkagwa mvula.

Tsiku la mawu makumi anayi lija linafika ine ndili ndi mantha, mwini wake alibe. Anabwera akuseka za kachilombo ka maso atatu. Patapita milungu ingapo, m'chikwama munapezeka envulopu ina. Thupi lili ndi chizolowezi chake: dzanja langa linanyamuka lokha kulowera pamwamba pa firiji. Ndinaligwira. Ndinakhala pansi, ndinang'amba envulopu, n'kumupatsa Natalie pepalalo.

“Werenga ndiwe.”

Mawu ambiri anali aatali kwa iye. Koma anapeza dzina lake, anapeza nambala, ndipo pansi, pamene a Bennet analemba ndi cholembera, anaika chala n'kuphatikiza yekha mawu awiri oti wachita bwino. Anakhoza mawu makumi atatu ndi asanu mwa makumi anayi aja. Anawerenga maso ali otsegula.

Loweruka tinapita ku Spinney Hill kukawasonyeza Anti. Anapachika pepalalo pafupi ndi sikelo tsiku lonse ngati ndi la mdzukulu wawo. Potuluka anandiitana. “Mayi a Natalie, sutikesi yanu ija ikadalipo. Ndikusungireni?”

“Gulitsani kwa wina, Anti.”

Nkhaniyi ndinailembanso pagulu la amayi akutchalitchi lija, pomwe pankayenda ya mayi wa ku Nottingham. Yanga ili ndi dzina, ndipo amene akukayika adzandifunse Lamlungu. Amayi anzanga, ndilibe nthawi yozungulira, ndiye ndinena mwachidule. Mwana wonena buku lonse pamtima sindiye kuti akuwerenga. Phimbani chithunzi, lozani liwu limodzi, mudikire. M'kabuku ka kusukulu lembani zoona, ngakhale zoonazo zikhale zoti mwatopa. Chithandizo cha mwana wotsalira pa kuwerenga chilipo m'sukulu za boma, ndipo simulipira kanthu, koma chimayenda bwino kholo likaonekera. Ngati Chingerezi cha aphunzitsi chikukuthamangirani, tengani munthu wokumasulirani.

Ndipo kalata ikabwera kuchokera kusukulu, tsegulani tsiku lomwelo. Ine ndinatsala pang'ono kutumiza mwana wanga kutsidya kwa nyanja chifukwa cha maenvulopu awiri amene sindinawang'ambe, ndipo imodzi mwa iwo inkangondiitanira tiyi.